Amayi Akalanda Mbewu Yawo

Amayi anga sachedwa kugamula nkhani. Madokotala a ku Chipata atawaunika n'kupeza chotupa mu impso, anati chikuoneka ngati khansa. Anatitumiza ku Lusaka, kumene anaichotsa impsoyo, natiuza kuti tidikire zotsatira akapima chotupacho.

Amayi n'kudikira? Ayi ndithu. Titangobwerera kumudzi ku Kasenengwa, anayamba kugawa katundu wawo ali moyo, ati safuna kuti tidzalimbirane mapoto pamaliro. Mbuzi anapatsa alamu awo. Koma chimene chinandiwawa ine ndi mbewu ya mtedza wa chalimbana (kwathu mtedza timati nshawa), imene ankaisankha okha chaka ndi chaka, osalola munthu kulawako. Anaigawira azimayi anzawo a kutchalitchi, aliyense kambale kake. Pamenepo ndinachita mantha, chifukwa mlimi akagawa mbewu ndiye kuti watsanzika.

Kukamva zotsatira ndinapita ndekha, iwo anakana. Dokotala anati si khansa. Kamwala kanatseka njira ya mkodzo, impso inadwala nthawi yaitali mpaka inatupa n'kumaoneka ngati khansa. Anati zoterezi sizichitikachitika, ndipo impso yotsalayo ili bwino. Ndinaimba nthungululu momwemo, anamwino n'kubwera kudzasuzumira kuti wapenga ndani.

Minibasi tsiku limenelo inkachita kukwawa. Nditatsika ndinathamanga, nsapato kumanja, m'matope a mvula yoyamba. Ndinawapeza atakhala pakhonde.

"Amama, si khansa! Simufa!"

Anandiyang'anitsitsa, kenako anayang'ana kumunda.

"Ndiye kuti chaka chino nilima?"

"Bala likapola, pang'onopang'ono."

"Iwe, tenga beseni."

Tinayenda khomo ndi khomo, iwo patsogolo ndi ndodo, ine pambuyo beseni pamutu, misozi ili chuchuchu koma ndikuseka.

"Odi kuno!" ankatero. "Wakufa uja wabwera, bwezani nshawa zanga!"

Azimayi ankatuluka akuvina, kuwakumbatira, ine n'kumakuwa kuti asamale bala. Aliyense ankathira kambale kake m'beseni.

Pakhomo lomaliza panali pa mnzawo wa kuubwana, amene amanyozana naye ngati achisuweni. Anatuluka chimanjamanja, maso pansi.

"Anzanga, nshawa zija ninakazinga. Nimati mwini wake sazafunsa."

Amayi anaseka mpaka kugwira pabala.

"Nafunsa," anatero. "Ndipo chaka chamawa nizabwera kufunsanso."