Kompyuta Yosadziwa Apongozi

Lachiwiri lapitali ndidavala jekete ya kuukwati, chifukwa adandiitana kukaweruza za makompyuta. Inde, ine ndemwe, amene sukulu ndidaitsanzika aphunzitsi asanafike pa samu zogawa. Sekani, koma ndidaweruza!

Bungwe lathu la alimi a kachewere lili ndi ofesi pa boma pano. Chaka chino tidalandira makompyuta, ndipo mayi Mariamu, mwana wa mwini sitolo ina ya pamsewu waukulu, yemwe adakaphunzira za makinawa ku Blantyre, adawalumikiza ndi nthambo zoboola makoma. Ukalemba chipinda chino, wa chipinda chinacho akuwerenga. Chidatsala n'kusankha pulogalamu yolondolera ntchito: ndani wapatsidwa chiyani, amaliza liti. Tikumanga nyumba yosungiramo mbatata ku Mayani, ndipo mvula sidikira komiti.

Mapulogalamu adabwera awiri, kuti tivote ngati zipani. Ina ya m'bokosi lonyezimira, idabwera ndi bambo wa tayi wochokera ku Lilongwe. Inayo yaulere, yomwe anthu a m'mayiko osiyanasiyana adaipangira pamodzi n'kuisiya yotsegula, kuti aliyense wodziwa asuzumire m'mimba mwake, akonze mmene akufunira.

"Yaulere?" ndidafunsa. "Mayi, chaulere chimene ndimachidziwa ine ndi chisanu cha Dedza."

"Agogo, iyi ili ngati njinga yakapalasa," adatero mayi Mariamu. "Tcheni chikaduka, aliyense wa sipanala akonza pansi pa mtengo. Inayo ndi yomata. Ikavuta, mpaka kwawo."

Tsono mumve bwino apa. Wapampando wathu ndi a Nangozo, namwino wopuma pantchito, wa Chingerezi chosaphotchoka. Mlembi ndi a Gelesomu, amene adakwatira mwana wa a Nangozo omwewo, ndipo amakhala komweko pachikamwini. Nkhoswe ya ukwatiwo ndine. Mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi sayang'anana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Pamisonkhano yathu a Gelesomu amalemba ali panja pa zenera, mphepo ikuwameta makutu.

Ndiye taganizani chimwemwe changa nditaona mkamwini ali chipinda chake, apongozi chawo, ntchito n'kumayenda m'nthambo! Ndidatsala pang'ono kuvina ngoma ndi jekete yomwe.

Tidayamba kuyesa yaulere ija. A Gelesomu adalowetsamo ntchito zenizeni: malata kwa auje, mchenga kwa auje, kuwotcha njerwa kwa a Nangozo. Koma njerwazo zimayenera kukhala zitapsa sabata yatha. Atangokanikiza batani, makompyuta onse adati psuu, zilembo zofiira ngati tsabola. Zimati Gelesomu akukumbutsa Nangozo kuti ntchito yachedwa. Komiti yonse ikuona.

A Nangozo adadzuka m'chipinda chawo.

"Ankhoswe!" mawu adaboola khoma. "Tabwerani kuno."

Ndidapita chogwira chipewa.

"Kamuuzeni munthu wanuyo kuti njerwa ndiwotcha. Koma akakafika kunyumba akapeza chikwama chake pakhonde. Ndidampatsa mwana, ndidampatsa munda. Lero andikalipire pagulu?"

Adamanga chitenje n'kutuluka. Ndidabwerera kwa mkamwini.

"Amalume, si ine! Ine ndangokanikiza!"

"Mwanawe, mfutinso amangokanikiza."

Bambo wa tayi adawongola tayi yake. "Mwaziona zaulere?"

"Taziona, achimwene. Nanga yanuyo ikadatani?"

"Nayonso imakumbutsa, koma zilembo zake n'zokongola."

"Ingathe kudzera kwa ankhoswe?"

Adandiyang'ana ngati ndafunsa ngati galimoto ingayamwitse mwana. Adati angalembere eni ake kunja, mwina adzaganizira. Adzaganizira! Pofika nthawi imeneyo mkamwini uja adzakhala atazolowera kugona pa depoti.

Mayi Mariamu adangokankha mpando, n'kutsegula m'mimba mwa pulogalamu ija. Abale, ine ndimayesa mutuluka mawaya, koma mudali timawu tambirimbiri ngati nyerere zosamuka. Apa afufute, apa alembe, tiyi wawo mpaka kuzizira. Dzuwa litapendeka adati, "A Gelesomu, takanikizaninso."

"Ine ayi, mayi. Chalachi chandipha kale."

Ndidawagwira dzanja n'kukanikiza nawo. Taonani! Pa kompyuta ya a Nangozo padalibe kanthu. Uthenga udapita kwa ankhoswe. Dzina langa, ineyo, lili pagalasi, lolembedwa molondola kuposa mmene ndimalilembera mwini wakene! Kuyambira pano, mkamwini akafuna kukumbutsa apongozi, makina aziyamba agwada kwa ine.

Voti yanga mwaidziwa kale. Koma ndisakunamizeni, yaulereyi ili ndi zilema zake. Nkhope yake njosasamba, ndipo popanda mayi Mariamu tonse ndife akhungu. Ndidawauza pamaso pa komiti kuti aphunzitse ena awiri atatu, kuopa tsiku lina Blantyre adzatilanda mayiwo.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Zoona. Koma sadatiuze kuti kalumoko kamatha kutema khutu, ngati mlendoyo sadziwa mutu umene akumeta.

Ife vuto lathu timalandira zinthu zobwera ngati nsapato za pakaunjika. Ikathina, timapinda zala n'kumamwetulira. Ndi zingati zimene zidafika kuno zomatamata, ife n'kumasintha mayendedwe kuti tikwaniremo? Kale lija, chinthu chikachokera kumwamba, kufunsa za m'kati mwake kudali kudziputira. Lero ndi matipate, aliyense akufuula kuti zinthu zizichitika poyera. Chabwino. Koma poyera pali pawiri. Pali kuvula munthu pagulu, ndiye palinso kutsegula chinthu kuti eni mudzi achikonze chiwakwane. Makina aja m'mawa adachita choyambacho, madzulo adalola chachiwiri. Ndidawakhululukira chifukwa amamva kulangiza, zimene akuluakulu ena a tayi mpaka lero zimawakanika.

Kutacha ndidanyamuka ndi thadzi la a Gelesomu kukhwapa, mwini wake atagona kwa ine. Ndidapeza a Nangozo akusankha mbewu ya kachewere, chikwama chili pakhonde ndithu. Ndidakhala pansi, ndidaomba m'manja, n'kufotokoza zonse mwa ndondomeko yake.

"Nkhukuyi wapereka ndani?" adafunsa. "Mkamwini kapena makina?"

"Mkamwini, mayi. Makina alibe khola."

Adabisa pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Nanga njerwa zija, ankhoswe, zachedwadi?"

"Ine sindinganene kuti zachedwa. Kungoti mitambo yafulumira."

"Mkamwa mwanumo!" Adaitana mwana wawo kuti alowetse chikwama. "Kamuuzeni abwere kwawo. Ndipo Loweruka akhale ali ku uvuni ndi nkhuni, ayang'ane kumbali."

A Gelesomu abwerera, ndipo nkhuni akudula ndi mluzu.

Tsono inu a m'maofesi, amene chaka chino mukuthamangira kugula makina, musanaombe m'manja ndi kunyezimira kwa bokosi, tamufunsani wogulitsayo: chinthu chakecho chikadzalakwira munthu wa kwanu, ndani adzachitsegule kuti achilangize?