Nyanja ya Pinki ya Aphunzitsi Mbendera

Ku Kewdale, dera lina la mzinda wa Perth, m'nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu wobwera pa sitima, mumagwira ntchito bambo ena afupi, ovala magalasi, amene amayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, atamanga tayi mkati mwa jekete lachikasu la pantchito. Dzina lawo ndi a Flywell Mbendera, koma ife Amalawi a ku Perth timangoti Aphunzitsi. Asanabwere kuno anaphunzitsa jogalafe zaka khumi ndi zinayi pa sekondale ina ku Kasungu. Anafika mu 2012 potsatira akazi awo, a Dora, amene anapeza ntchito ya unamwino pa chipatala china chachikulu. Mapepala awo a uphunzitsi anawakana kuti ndi osakwanira. Choko anachisiya, koma kuphunzitsa sanasiye.

Ukawafunsa kuti sitima ya pamtunda yopita ku Joondalup ifika nthawi yanji, amayamba akufotokozera chifukwa chimene dothi la kuno lili lamchenga. Mapiri, mitsinje ndi zipululu za dziko lino amazitchula pamtima, ndi kutalika kwake komwe. Chimene ambirife sitinkadziwa n'chakuti pa zaka zonsezo Aphunzitsi anali asanapitirirepo Mandurah, tauni yoyandikana ndi Perth. Tchuthi chilichonse iwo ndi a Dora ankathamangira kumudzi, monga timachitira tonsefe, kukapepesa maliro amene anachitika tili kuno ndi kukagawa nsapato.

Kenako kunabwera korona. Ndege zinaima. Boma la chigawo chino linatseka malire, moti ngakhale munthu wa ku Sydney ankaoneka ngati mlendo woopsa. Matenda kuno sanafale kwenikweni, koma kotulukira kunalibe. Azungu amene anazolowera kukawothera dzuwa kunja, ku chilumba cha Bali, anayamba kuzungulira m'chigawo momwemuno atakoka makalavani, tinyumba ta mateyala. A Dora anagwira ntchito miyezi yambiri osapuma, masiki atawasiyira mzere pamphuno. Mu Januwale 2021 anapatsidwa masiku anayi.

"Mayi a Miracle," anatero Aphunzitsi kwa akazi awo, "ndikupititsani ku nyanja ya pinki."

"Nyanja ya pinki? Bambo a Miracle, mwayamba liti kumwa?"

Aphunzitsi anatulutsa mapu akale amene anabwera nawo kuchokera ku Kasungu, n'kuloza pafupi ndi tauni ya Esperance. Anafotokoza kuti m'madzi amchere kwambiri mumamera ndere ina yofiirira, ndipo ndi imene imapatsa nyanjayo mtundu. Phunziro limeneli ankalipereka chaka chilichonse kwa ana a Folomu 3. A Dora atati ayang'ane kaye pa intaneti, iwo analemba dzina la nyanjayo pa foni, ndipo panatuluka zithunzi za madzi a pinki ngati chakumwa cha ana. Mawu amene anali m'munsi mwa zithunzizo sanawawerenge. Munthu amene waphunzitsa chinthu zaka khumi ndi zinayi sawerenga za m'munsi.

Galimoto yawo inali yotopa, choncho Aphunzitsi anakopa a Mubanga, mnzawo wa ku ntchito wochokera ku Lusaka, amene anali ndi galimoto yaikulu. Akazi a a Mubanga anali atatsekerezedwa kwawo, ndipo a Mubanga anali atatopa ndi kuyang'ana makoma. A Dora anagula nsalu ya pinki kwa mayi Annastazia, wapampando wa amayi a kutchalitchi kwathu amene amagulitsanso zitenje, n'kusoketsa diresi limodzi ndi malaya awiri. Nkhani ikafika kwa mayi Annastazia ndiye kuti yafika kwa aliyense. Lamlungu lotsatira tinawapempherera ulendo wawo ngati akupita ku nkhondo.

Ananyamuka m'mamawa atatu onse atavala yunifomu yawo. Ku Esperance ndi makilomita pafupifupi mazana asanu ndi awiri. Msewu wake umadutsa m'minda ya tirigu imene nthawi imeneyo inali itakololedwa kale, choncho kumanzere kunali ziputu, kumanja ziputu, kutsogolo ziputu. Aphunzitsi anafotokoza za ulimi wa tirigu maola awiri. A Dora ankafunitsitsa kuona kangaru, ndipo anaona asanu ndi mmodzi, onse atagundidwa ndi magalimoto. Ataima kuti adye mpunga ndi nkhuku, ntchentche za kutchire zinabwera ngati zinaitanidwa. Ntchentche za kumeneko sizifuna chakudya ayi, zimafuna m'maso ndi m'mphuno mwa munthu. Anamaliza kudyera m'galimoto mawindo atatseka.

Malo ogona onse abwino anali atatengedwa ndi azungu ozolowera kupita ku Bali aja. Iwo anapeza kalavani yakale kuseri kwa nyumba ya munthu wina, ndipo a Mubanga anapatsidwa tenti. Aphunzitsi anati katundu angomusiya, athamangire ku nyanja dzuwa lisanalowe.

Chikwangwani chinalipo, dzina la nyanjayo litalembedwa bwinobwino. Msewu wopita kumeneko unalinso ndi dzina lomwelo. Anatsika, nakwera pamalo oonera. Patsogolo pawo panali chidambo chachikulu cha mchere ndi matope, madzi ake otuwa ngati otsukira mpunga. Mphepo inkawomba ngati yakwiya.

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso.

"Ndi dzuwa," anatero. "Likapendeka pang'ono mtundu utuluka. Tidikire."

Anadikira ola lathunthu. Dzuwa linapendeka. Madzi anasintha kuchoka pa otuwa kupita pa otuwa kwambiri. Kenako panadutsa mayi wina wachikulire wachizungu akuyenda ndi galu. Anayang'ana anthu atatu ovala pinki aja, ndipo nkhope yake inaoneka ya chisoni, ngati ya munthu amene waona zoterezi kambirimbiri.

Aphunzitsi anamufunsa m'Chingerezi chawo cha m'kalasi kuti mtundu umatuluka nthawi yanji.

"Pepani, mwachedwa," anayankha mayiyo.

"Tachedwa ndi maola angati?"

"Zaka zoposa khumi."

Anawafotokozera kuti mchere wa m'nyanjamo unachepa kalekale, ndipo mtundu unapita nawo, koma dzina linatsala. Zithunzi zimene anaona pa foni zinali za nyanja ina imene ili pachilumba, kumene anthu amakaonera ali m'ndege yaing'ono. Ina ya pinki iliko, koma ili kumpoto kwa Perth, ndipo iwo anali atabwera kum'mwera. Atatero anakoka galu wake n'kumapita.

A Dora anayang'ana diresi lawo, n'kuyang'ananso madziwo. Iwo amatchula amuna awo kuti Aphunzitsi pokhapokha akakwiya.

"Aphunzitsi," anatero, "pamalo ponse pano cha pinki ndi ife."

Nthawi yomweyo foni inayamba kulira. Gulu la pa foni la kutchalitchi kwathu linali litadzuka. Mwafika? Zithunzi, Aphunzitsi! Musatimane! Mayi Annastazia analemba katatu. Aphunzitsi anakhala pa benchi, foni ili m'manja. Kukhumudwa ndi nyanja kunali kochepa. Chimene chinkawapweteka chinali kuganiza kuti munthu amene amakonza aliyense akalakwitsa dzina la mtsinje akauze anthu kuti wayenda tsiku lonse kukaona thope.

"Ba ticha, osadandaula," anatero a Mubanga m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Letani foni. Iyi nyanja nizaipenta manje manje."

Anawaimika awiriwo kutsogolo kwa madzi, anajambula, kenako anayendetsa chala pa foni kangapo. Nyanja inasanduka ya pinki. Mitambo inafiirira pang'ono, ndipo mano a a Dora nawo anatengako mtundu, koma amenewo sankaoneka kwambiri chifukwa sankaseka.

"Limeneli ndi bodza, bambo a Miracle."

"Si bodza kwenikweni. Umu ndi mmene inkaonekera. Tinene kuti ndi mbiri yakale."

Anatumiza chithunzicho, n'kulemba m'munsi mwake ndime ziwiri zofotokoza za ndere.

Masiku otsalawo anayenda m'magombe a nyanja yaikulu. A Dora amanena mpaka lero kuti mchenga woyera ngati umenewo sanauonepo, ndipo ngakhale madzi anali ozizira ngati a m'firiji, analowamo mpaka m'mawondo, diresi atalikwinyira m'mwamba. A Mubanga anawedza nsomba ziwiri. Aphunzitsi sanaone chilichonse. Ankangokhala m'galimoto akuwerenga mayankho a anthu oyamikira chithunzi chija.

Pa Isitala mayi Annastazia analengeza kuti nawonso akupita ndi amuna awo, a Greyson. Aphunzitsi anayesetsa kuwaletsa. Anatchula kutalika kwa msewu, ntchentche, kangaru odumphira magalimoto.

"Aphunzitsi, zabwino mukufuna muziona nokha?" anatero mayiwo, ndipo anasoketsa diresi la nsalu yomwe ija.

Lamlungu limene anabwerako, mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi, mayi Annastazia anayenda molunjika kwa Aphunzitsi. A Dora anaika kapu pansi kukonzekera.

"Aphunzitsi, tinafika."

"Eya, mayi. Munaiona bwanji?"

Anayang'anizana. A Greyson ankayang'ana nsapato zawo.

"Yokongola," anatero mayi Annastazia pamapeto pake. "Pinki weniweni."

Madzulo omwewo anatumiza chithunzi chawo pagulu. Nyanja yawo inali ya pinki kuposa ya Aphunzitsi.

Pofika mwezi wa Seputembala mabanja asanu anali atapitako. Sindibisa, lachinayi linali langa. Ndinaima pamalo omwewo, ndinaona thope lomwelo, ndipo mkazi wanga atandifunsa kuti titani, ndinaganiza za mafuta amene tinawotcha ndi za anthu amene anatitsogolera, onse olemekezeka, ndipo ndinaimbira a Mubanga kuti andiphunzitse podina. Banja lililonse linkabwerako ndi nyanja yowala kuposa ya anzawo. Ya banja lachisanu inali yofiira ngati munagwa ngozi.

Amene anatiphulitsa anali a Tuntufye, bambo a ku Karonga amene amasamalira okalamba ku Joondalup, munthu wosadziwa kukulunga mawu. Mu Okutobala tinali ndi phwando lowotcha nyama ku paki, pafupifupi tonse tilipo. A Tuntufye anali atangobwerako kumene. Anagogoda botolo ndi foloko.

"Abale, ndikufuna mundithandize. Ine ndinapita ku nyanja yanu ija. Ndinaona madzi otuwa. Ndinati mwina ndasochera, koma chikwangwani chinali chomwecho chili pa zithunzi zanu. Ndinati mabanja asanu a anthu opemphera sanganame onse, ndiye kuti vuto ndi maso anga. Lachiwiri ndinajomba ku ntchito kukayezetsa. Anandithira mankhwala m'maso, tsiku lonse ndimayenda ngati woledzera. Dokotala akuti maso anga ndi abwino kuposa ake. Tsopano ndikufunsa: inu munaona chiyani?"

Nyama inkapserera pa moto popanda woitembenuza. Mayi Annastazia anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama mwawo.

Aphunzitsi anaimirira, anakonza tayi.

"A Tuntufye, maso anu alibe mlandu. Wolakwa ndine. Nyanja ija inasiya kukhala ya pinki kalekale. Chithunzi changa chinapakidwa."

"Nenze chabe kuthandiza," anatero a Mubanga chapansipansi.

Woyamba kuseka anali a Greyson. Anaseka mpaka kukhala pa udzu, akunena kuti miyezi isanu ndi umodzi akhala akuopa kutsegula pakamwa m'nyumba mwawo momwe. Kenako tonse tinagwa nako kuseka, aliyense akuloza mnzake. Aphunzitsi anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anatifotokozera mwatsatanetsatane mmene nyanja imatayira mtundu mchere ukachepa. Linali phunziro labwino, ndipo kwa nthawi yoyamba tinamvetsera mpaka kumapeto. Mayi Annastazia okha ndi amene sanaseke. Anakhala miyezi itatu osawapatsa moni Aphunzitsi, ati chifukwa anawachititsa kunama pamaso pa mpingo.

Malire anatsegulidwa mu Malichi 2022, ndipo ambirife tinayambanso kuthamangira kumudzi. Aphunzitsi akadali ku Kewdale. Anamwino atsopano akafika n'kuwafunsa kumene angakacheze, masiku ano amayankha kuti ayambe akaonako okha. Akakhala pa ofu amanyamuka ndi a Mubanga, kope la sukulu lili m'thumba, ndipo malo alionse amene afika amawapatsa malikisi ndi cholembera chofiira. Mwala wotchuka wopindika ngati funde, umene anthu amauyendera maola anayi, anaupatsa atatu pa khumi, n'kulemba pambali kuti ku Dedza miyala yotere ana amayanikapo zovala. Chipululu cha miyala yosongoka chinapeza asanu. Palibe malo amene afikapo pa asanu ndi awiri.

A Dora sapita nawo. Amawakonzera mpunga ndi nkhuku, amawaikira ukonde wotchingira ntchentche kumaso, ndipo galimoto ikangotuluka pa geti amaitana mayi Annastazia kuti abwere adzamwe tiyi.