Magetsi oyera a alamu anga

Galimoto ya amuna anga inali ndi diso lakumanzere lodwala, ndipo anthu onse a ku Lufita ankaidziwa ndi diso limenelo. Inali galimoto yakalekale, ya mtundu uja wokwera mapiri, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo anaigula itatopa kale m'manja mwa anthu ena. Magetsi ake anali achikasu ngati nyale ya palafini. Lakumanja linkayang'ana kutsogolo bwinobwino, koma lakumanzere, chigundireni chitsa ku Misuku, linkangozolikira pansi, lili lomangidwa ndi waya wa mpanda. Ndinkawalongolola nalo diso limenelo tsiku ndi tsiku. Iwo ankangoseka, amvekere ndi lomwe limawaonetsa maenje.

Ine kwathu ndi ku Mulanje. Ndinabwera ku Chitipa kudzaphunzitsa, mumtima ndili ndi zoti ndikangopeza mpata ndidzapempha kubwerera kwathu. M'malo mwake ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Misuku, amene ankapita kuphiri m'mamawa n'kutsika ndi khofi, nthochi ndi anthu odzagula zinthu ku boma. Chisisira chikagwa, ine ndi mwana wathu wamkazi tinkakhala pakhonde maso ali kumsewu. Galimoto zina zinkadutsa iye osatekeseka. Koma akangoona kuwala kwachikasu kuja, diso limodzi lili m'mwamba lina pansi, ankadzambatuka n'kuthamangira kuchipata akufuula kuti, "Adada afika!"

Amuna anga sanadwale nthawi yaitali. Ali pabedi m'chipatala ananena pamaso pa abale awo kuti galimoto ndi ya mkazi wawo ndi mwana. Mng'ono wawo, alamu angawo, anali pompo akugwedeza mutu ngati gulo. Ndi munthu woti chibadwireni analibe ngakhale njinga yakeyake, koma magalasi akuda sankachoka kumaso ndi tsiku la mitambo lomwe. Pa maliro analira kuposa tonse, ndipo ndinaona kuti akulirira atatsamira chitseko cha galimoto.

Titabwerera ku Lufita, misozi isanaume n'komwe, anandipeza ndikuchapa.

"Alamu, galimoto kungokhala waka pakhomo, yayi," anatero m'kayankhulidwe kawo ka kuno kumpoto. "Batire ifa. Lekani ndiziyendetsako, madzulo ndizibweza pano pomwe."

Ine sindidziwa kuyendetsa, ndipo mwana ankafunika kudya. Ndinawapatsa makiyi.

Anayamba pang'onopang'ono, monga achitira chiswe. Sabata yoyamba chipewa cha amuna anga, chomwe chinkakhala pafupi ndi chiwongolero, chinasowa. Kenako mipando inavekedwa nsalu zofiira zonyezimira, zonyansa kuona. Kenako ndinamva ku msika munthu wina akuti wabwera pa galimoto ya alamu anga, ndipo ndinam'konza pomwepo mpaka anachita manyazi. Zonsezi ndinkazimeza chifukwa madzulo aliwonse galimoto inkabwera kudzagona pakhomo panga, diso lake lija lili chizolikire, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa kuti ndi ya ndani.

Mwana sanasiye kuthamangira kuchipata. Ankafuula kuti adada afika, chitseko n'kutseguka, n'kutsika munthu wa magalasi akuda. Mwanayo ankaima pang'ono, n'kubwerera pakhonde. Zinkandiwawa kwambiri. Koma ndisaname, nanenso mutu ndinkadzutsa ndikaona kuwala kuja, ndipo kwa kamphindi kakang'onoko ndinkakhala mkazi wapabanja.

Loweruka lina ndikupita ku msika, ndinaiona itaimikidwa pansi pa mtengo wa mango kwa makaniko wa pafupi ndi msewu. Nkhope yake inali yong'ambidwa. Pomwe panali maso panali mabowo awiri, mawaya ali lendelende. Alamu anga anali atakhala pa tayala lakutha, katoni yatsopano ili pamiyendo, akuisisita.

"Alamu, galimotoyi mukuitani?" ndinafunsa osapereka n'komwe moni.

"Yewo alamu, mwafika makora," anatero akumwetulira. "Onani katundu uyu, wa ku boda. Amawala ngati masana. Kuphiri ndiziona ndi nyerere zomwe."

Anatulutsa magetsi awiri agalasi loyera mbee, ndi chinanso chachitali ngati mpini chodzaza timababu, choti amangirire pamwamba.

"Mwafunsa ndani?"

"Kufunsa vichi, alamu? Galimoto ya pabanja timakonza waka."

"Ya pabanja liti? Banja la mwini galimotoyu ndi ine ndi mwana uja. Inu munalipo akunena."

Kumwetulira kuja kunatha. Anavula magalasi, kwa nthawi yoyamba chiyambireni kuwadziwa, n'kundiyang'ana ndi timaso tawo tofiira.

"Kuno si ku Mulanje yayi, alamu. Kuno katundu wa mwanalume amakhala kwa abale ake. Imwe mawa mukwatiwa, galimoto ipite kwa mlendo?"

Apo ndiye mtima unandikwera. Ndinawauza kuti akulu awo anakwera ndi kutsika Misuku ndi diso lolemalalo mvula ndi chilimwe osagwetsa munthu ngakhale mmodzi, pomwe iwo ankangoyendayenda pa boma kupempha ndudu. Ndinawauza kuti akuba enieni amabwera ndi nsalu kumaso, koma iwo abwera ndi misozi ya pamaliro. Ndinanena zambiri, zina sizilembeka. Anthu ochokera ku msika anaima kumvetsera, amayi ena akugwira pakamwa, chifukwa mphunzitsi sayenera kutero pamsewu. Makaniko uja sanatukule mutu n'komwe, anangopitiriza kulumikiza mawaya ake.

Magetsi akale anali atawataya m'fumbi pafupi ndi zitini za oyilo. Ndinatola lakumanzere. Waya uja anamanga amuna anga anali akadalipo, atangodulidwa ndi pulayala mbali imodzi. Ndinaliika m'dengu lomwe ndimati ndikagulire tomato, n'kubwerera kunyumba osafika ku msikako.

Madzulo ake tinakhala pakhonde monga mwa nthawi zonse. Mdima utangoyamba, kunabwera chiwalitsiro choyera chothobwa m'maso, chinakhota n'kulowa pachipata changa. Bwalo lonse linayera, zovala pachingwe, ndowa, ming'alu ya khoma, chilichonse chinali poyera ngati tagwidwa tikuba. Nkhuku zinayamba kutsika mumtengo. Aneba anafuula kuseri kwa mpanda kuti tizimitse zimenezo. Mwana wanga sanadzuke. Anabisa nkhope pamwendo panga n'kufunsa, "Amayi, ndani ameneyo?"

Alamu anga anazimitsa injini n'kubwera pakhonde. Anamuyang'ana mwanayo, kenako anayankhula chapansipansi.

"Mwaona, alamu? Lero sanathamange. Ine mtima umandipweteka chomene, mwana kundithamangira tsiku lililonse akuti adada, adada. Ndachita izi chifukwa cha iye."

Mwina munali kachoonadi m'mawu amenewo, ndipo n'chifukwa chake anandinyansa kuposa za pa mtengo wa mango zija. Munthu akulande chinthu, kenako agwiritse mwana wako yemwe ngati sopo wosambira m'manja.

"Ngati mwanayu akukupwetekani mtima, siyani makiyi pampandopo muzipita," ndinatero. "Sadzakuthamangiraninso."

Makiyi anawaika m'thumba. Anati mawa ali ndi ulendo wa m'bandakucha, ndiye galimoto ikagona kuphiri usiku umodzi wokha. Chichokereni tsiku limenelo sinadzagonenso pakhomo panga.

Ndinakwera kupita ku Misuku kukadandaula kwa akuluakulu a kuchimuna. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anandimvera mpaka ndinamaliza. Kenako wina anati mnyamatayo waonetsa kuti ndi wosamala, onani mmene waikonzera, yasanduka yatsopano. Winanso anati tsopano odwala a m'mudzimo atha kutsika nawo ku chipatala nthawi iliyonse osaopa mdima. Magetsi aja anawayankhulira alamu anga kuposa mmene mawu a malemu anandiyankhulira ine. Ndinatsika phirilo pa njinga yamoto yolipira, ndikulira ndi ukali njira yonse.

Kale anthu ankandiuza ku sukulu kapena ku tchalitchi kuti dzulo taiona galimoto yanu ikuchokera ku Kaseye, taiona ili pa chigayo. Tsopano panalibe wonena. Alamu anga anasiya kudutsa pa Lufita masana, ndipo kukada galimoto zonse za amalonda a ku boda zili ndi magetsi omwewo, oyera, olusa, osasiyana. Palibe akanaloza n'kunena kuti iyo ndi ya mayi wamasiye uja. Getsi lakale lija ndinaliika pamwamba pa kabati, ndipo mwana anasiya kukhala pakhonde madzulo.

Tsiku lina mzimayi wogulitsa nthochi anandinong'oneza kuti alamu anga amatsika Lachisanu lililonse dzuwa likangolowa. Ndinati chabwino. Lachisanu lotsatira ndinamusiya mwana kwa aneba, ndinamanga chitenje zolimba, n'kukaima m'mbali mwa msewu. Ndinali nditakonza mawu anga onse. Ndinkati ndiima kutsogolo kwake, ndipo ngati akufuna kupita nayo andiponde kaye pamaso pa anthu.

Kunkawaza kamvula. Patali kunatulukira magetsi oyera, awiri pansi ndi chachitali chija pamwamba. Ndinalowa pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Mabuleki analira, galimoto n'kuima pafupi kwenikweni ndi maondo anga. Sindinkaona kanthu koma kuyera kokhakokha, ndiye ndinangoyamba kukhuthula. Ndinatukwana kuwalako kuti ndi wakuba, wodya za amasiye, wopanda manyazi, atsike andipatse makiyi a amuna anga.

Chitseko chinatseguka. Anatsika bambo wina wachikulire wa jekete, amene ndinali ndisanamuonepo chibadwire. Kumbuyo kwake kunali matumba a mpunga.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa mwaulemu. "Mukufuna ndani?"

Ndinapatuka n'kupita pambali pa chitseko chake, ndikuwomba m'manja, kupepesa, kufotokoza zosamveka kuti ndimayesa galimoto ya amuna anga. Ndili mkati mopepesa choncho, magetsi ena oyera anatulukira kumbuyo kwake. Galimotoyo inachepetsa liwiro, inatilambalala pafupi mpaka kundithira matope pachitenje, ine osaiyang'ana n'komwe chifukwa ndinali nditaphimba maso ndi dzanja.

Nditachotsa dzanjalo inali itapitirira. Magetsi a bambo uja anaiunikira kumbuyo, ndipo ndinaona chitseko chake chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe chabuluu, chingwe chomwe ankamanga amuna anga m'mawa uliwonse ine nditawagwirira tiyi. Ndinayesa kufuula, koma inali itakhota kale.

"Mayi," anatero bambo uja, "ndiye galimoto ya amuna anuyo imaoneka bwanji? Mwina ndinakumana nayo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za diso lakumanzere, kenako ndinakumbukira kuti lili pamwamba pa kabati.