Manja a Namabatani

Chikwangwani cha pashopu ya a Telala chili ndi dzina limodzi, koma ntchito imagwiridwa ndi manja anayi. Awiri ndi a mwini dzina: amadula nsalu, amapalasa makina, amalandira matamando. Enawo ndi a mkazi wawo, yemwe anthu anamutcha Namabatani. Iye ndiye amasoka mabatani, amasomola ulusi pamene abambo akhotetsa, amasita, ndiponso amatola mapini pansi kuti ana a makasitomala asabayidwe. Palibe anamulemba ntchito. Anangokhala pampando wapakona ali mtsikana, mpandowo n'kumuzolowera.

A Telala atayamba kujambula mavidiyo ophunzitsa kusoka, Namabatani anapatsidwanso ntchito yogwira foni. Pofuna kuonetsa msoko pafupi, ankaitsamiritsa pachitini cha mabatani, iye n'kumagwira nsalu kuti isaterereke. Nkhope yake sinkaoneka, ndipo ankakonda choncho.

Oonera sanali ambiri, koma ankalemba ngati achibale. Mayi wina anaphunzira kuika zipi, wina kupinda siketi, wina ankangofunsa za msana wa a Telala.

Khomo loyandikana ndi shopuyo linali la wometa tsitsi, a Lumo. Iwowa analirapo pavidiyo kuti asiya kumeta, anthu anaonera mwaunyinji, koma m'mawa mwake anatsegula ngati kale.

"Achimwene, anthu safuna zipi, amafuna misozi," anatero a Lumo tsiku lina atatsamira chitseko. "Nenani kuti mwatopa, mukutseka shopu. Muona mmene athamangire."

"Nanga misoziyo ndiitenga kuti?"

"Imagulitsidwa," anayankha a Lumo, akutulutsa kabotolo ka mafuta a chimfine.

Namabatani anangodula ulusi ndi mano. Ankaganiza za mayi wa zipi uja, kuti bodzali lidzamupeza kudzera m'manja mwa iyeyo wogwira foni.

Masana ake a Telala anapaka mafutawo m'munsi mwa maso, ndipo anachulutsa.

"Jambulani msanga, mayi, zikuwotcha!" Anakhosomola n'kuyamba: "Abale anga okondedwa, mtima wanga wasweka..."

Misozi inkatsikadi, yambirinso. Koma pakati pa kulirako diso limodzi linkasuzumira pafoni kuona ngati kolala yakhala bwino. Namabatani anadzigwira, anadziluma mlomo, kenako chiseko chinaphulika mpaka foni inajambula denga.

"Mukuseka chiyani? Munthu ndikulira!"

"Mukulira ndi maso okha, abambo. Tsiku lija mwana wathu anabadwa simunagwetse msozi. Munangovula magalasi n'kumawapukuta ndi nsalu ya kasitomala, mawu atakutherani. Wolira zenizeni sayang'ana kolala."

"Ndiye simujambula?"

"Zipi ndijambula. Matumba ndijambula. Izi itanani a Lumo."

A Telala anakasamba kumaso akung'ung'udza kuti nyumba zina akazi amathandiza amuna awo. Atabwerako maso anali psuu, bowo la singano osaliona.

"Chabwino, ndiwerengereni zimene anthu alemba pavidiyo ya dzulo, poti mwandisandutsa wopanda ntchito."

Namabatani anawerenga mauthenga angapo, kenako anaima.

"Bwanji mwaima? Andinyoza?"

"Ayi, n'zopanda pake."

"Werengani, mayi."

Anawerenga motsitsa mawu uthenga wa mayi wina: "A Telala, mwana wanga wapita kusukulu ndi kabudula wosokedwa ndi ine, zikomo. Koma manja amene amagwira nsalu aja, okhala ndi chipsera pachala chachikulu, ndi a ndani? Ine ndimayang'ana iwowo kuti ndidziwe pogwira. Muwathokoze." M'munsi mwake ena anavomereza, wina mpaka anati amaonera manjawo kuposa makina.

A Telala anayang'ana chala cha mkazi wawo, chimene ayironi inawotcha kalekale posita suti ya ukwati wa eni ake. Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi nsalu imene inali patebulo.

"Ya kasitomala iyo, abambo," anatero Namabatani.

A Telala sanamve. Anatambasula dzanja kuti Namabatani awapatse foni, imene anali asanaigwirepo pojambula.

"Khalani pampando wanu."

"Iii, ndi mpango uwu? Ayi!"

"Khalani, mayi." Anadina pofiira pafonipo. "Abale, manja aja ndi awa. Ine ndimangopalasa makina, koma..." Mawu anathera pomwepo.

Vidiyoyo inatuluka yopendekeka, chala cha a Telala chitatseka pakona. Munkaoneka mayi akuseka atabisa nkhope m'manja, ndipo kuseri kunkamveka bambo akukoka mamina. Namabatani anaionera, anaona kuti mulibe bodza, n'kulola kuti ipite kwa anthu.

A Lumo ataiona anapukusa mutu. "Misozi ili kuti, achimwene? Mwawononga mafuta anga."

Oonera sanachuluke ngati a vidiyo ya a Lumo ija, koma mayi wa kabudula uja anapempha phunziro la mabatani, ndipo analandira. Masiku ano likafika phunziro limenelo, wogwira foni ndi a Telala, ndipo m'vidiyo iliyonse mumamveka mawu a Namabatani: "Tsitsani pang'ono, abambo, mukujambula denga."