Fayawolo Imene Adada Anasankha

Kompyuta ya Adada inkanunkha fumbi lotentha. Ikayaka inkapumira kampweya kofunda kunsi kwa tebulo, ndipo m'miyezi yozizira ija ndinkawothetsako mapazi. Panja mtedza unali woyanikidwa pa masaka, mphepo ikuulutsira makoko ake mpaka pakhonde. Tinkakhala kuboma ku Lundazi, kuseri kwa msika. Adada anali alangizi a zaulimi, ndipo pakompyutapo ankalembapo maphunziro a alimi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana ndekha m'nyumbamo, ndipo kampando ka pambali pawo kanali kanga.

Lusungu anafika nyengo imeneyo kuchokera ku Magodi, atakwezedwa panjinga ndi kachikwama kamodzi. Amama anandiuzira kukhitchini, maso ali pa mbale, kuti ameneyo ndi mkulu wanga, mwana wa Adada wobadwa iwo asanakwatiwe. Anali wamtali, wosayankhulayankhula, ndi mphuno ya Adada yeniyeni, imene ine ndinalibe. Pamphuno pomwepo ndi pamene ndinayambira kumuda.

Sabata yomweyo Adada anagula kamodemu ka intaneti. A Nyirenda, okonza makompyuta kumsika, anabwera kudzakalumikiza, nanena kuti pakufunika fayawolo, pulogalamu yotchinga zoipa za pa intaneti kuti zisalowe. Anali nazo ziwiri. Ina inkagwira ntchito mwakachetechete, kusankha yokha zolowa ndi zokanizidwa. Inayo inkaima n'kufunsa mwini wake nthawi iliyonse.

"Tengani yachete, bwana," anatero a Nyirenda. "Iyi inangu ivuta maningi, ifunsa vilivonse."

Adada anaganiza masiku atatu. Anafunsa anzawo kuntchito, anafunsanso aphunzitsi ena potuluka m'tchalitchi. Ine ndinkawanyengerera kuti atenge yachete, poti ndinkafuna kumasewera popanda chondiimitsa. Tsiku lachitatu tikusenda mtedza pakhonde, anatembenukira kwa Lusungu, amene anali asanagwirepo ngakhale mausi, namufunsa maganizo ake.

Anayankha ali chiweramire. "Wolowa m'nyumba ya eni amayamba waodira, Adada."

Adada anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mawa lake a Nyirenda anaikamo yofunsa ija.

Kuyambira pamenepo, kabokosi ka funso la fayawolo kakangotulukira pagalasi la kompyuta, Adada ankaitana kuti "Lusungu!" Iye ankabwera akupukuta manja pachitenje, n'kukhala pa kampando kanga. Ankawerengera limodzi dzina la chofuna kulowacho, pang'onopang'ono, dzanja lawo lili pamwamba pa lake pa mausi. Anamugulira kakope kolembamo mayina a zololedwa ndi zokanizidwa, ndipo Lusungu ankakasunga pansi pa pilo. Ine ndinkaima pakhomo ndi mbale yamtedza, ndikudziwa mayankho onse, wondifunsa palibe.

Loweruka lina masana Adada anapita ku Kapichila kukakumana ndi alimi, Amama ali kumsika, Lusungu akuchapa kuseri. Ndinayatsa kompyuta, ndinalowetsa kamodemu, ndinazimitsa fayawolo ija. Kenako ndinatsegula malo okoperako nyimbo amene mnzanga wina anandisonyeza, ndikudina chilichonse chimene chinkathwanima. Nditatha ndinafunditsa kompyutayo nsalu yake bwinobwino.

Lolemba maphunziro a Adada anakana kutseguka. Ntchito ya miyezi inayi inasanduka tizilembo tosawerengeka. A Nyirenda analimbana nayo tsiku lonse, napulumutsako masamba ochepa, ndipo ananena kuti wina anazimitsa fayawolo. Adada sanakalipe. Anangoyang'ana Lusungu nthawi yaitali.

"Ndinakudalira, mwana wanga."

Lusungu anandiyang'ana kamodzi kokha. Zenera la chipinda chimene munali kompyuta linali moyang'anizana ndi pamene ankachapira, ndipo ndinazindikira kuti anandiona. Ndinadikira kuti anditchule. Iye anagwada, nati, "Pepani, Adada."

Patapita milungu iwiri anapempha yekha kuti abwerere ku Magodi, ati amayi ake akusowa wowathandiza kukolola chimanga. Malo amene Adada anamupezera pasukulu yathu anapatsidwa wina. Kakope kaja anakasiya patebulo. A Nyirenda anaikamo fayawolo yachete, ine ndinabwerera pa kampando kanga, ndipo ndinkasewera momwe ndinkafunira. Adada ankalembanso maphunziro awo kuyambira pachiyambi, maola ambirimbiri, osatembenuka, osaitana aliyense.

Ndinaulula patapita zaka zambiri, Adada atamwalira kale, tikusankha zovala zawo ine ndi Lusungu. Anangoti, "Unali mwana, Wezi," n'kupitiriza kupinda malaya. Nthawi ija ndinkaganiza kuti Adada anasankha fayawolo yofunsa chifukwa Lusungu anandiposa nzeru, ndipo atachoka ndinkayesa kuti ndapambana. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimaona bambo amene anakhala zaka khumi ndi zinayi kutali ndi mwana wake, wosadziwa poyambira kucheza naye, atapeza chifukwa chomuitanira kangapo patsiku. Chifukwa chimenecho ndinawalanda ndine, ndipo sanapezenso china.