Amene Anatenga Dzina la Bambo pa Intaneti

Bizinesi yanga ndi ya mpunga. Ndimakaugula ku Bwanje, n'kuupeta, kuusankha timiyala, kenako kuulongedza m'mapaketi m'kashopu kanga pa Boma. Pa paketi iliyonse pali dzina la malemu bambo anga, osati la ubatizo ayi, koma lomwe anzawo anawapatsa ku mgodi ku Joni chifukwa cha chipewa chawo cha nthenga chomwe ankangovula m'tchalitchi basi. Kuno kwathu dzinalo linali lawo okha, ndipo atamwalira ndinkaliona ngati cholowa changa.

Makasitomala a m'tauni atachuluka, ndinapita kwa mkulu wina wokonza mawebusayiti pafupi ndi msika. Anandilembetsera dzinalo pa intaneti, lothera ndi doti mw ya kuno ku Malawi, kenako anayamba ulaliki. Akuti ndigulenso la doti komu ndi ena otsalawo, kuti munthu wina asadzamange pafupi n'kumadyera dzina langa.

"Achimwene, mayina onsewo ngati ndikuthawa apolisi?" ndinatero. "Shopu ndi imodzi, ine ndine mmodzi. Ndipo n'ndani pa dziko lapansi angalote dzina limeneli?"

Anangoseka. Ine ndinatuluka ndikudzitama kuti sanandidyere.

Mvula itatha, mayi wina wa malo odyera ku Lilongwe anandiimbira foni. "Kodi mpunga munasiya? Ndalemba dzina lanu, koma kukubwera madilesi a ukwati." Iwo anali atalemba doti komu m'malo mwa doti mw. Koto! Ndinatseka shopu dzuwa lili paliwombo, kukwera kabaza, ulendo kwa mkulu uja. Ukali wanga amaudziwa onse a pa msika, moti wakabaza anangopalasa mwaliwiro njira yonse.

"Paja ndinanena, achemwali," anatero mkuluyo.

"Musandiyambe! Tsegulani ndimuone wakubayo."

Anali mayi wa ku Joni, telala. Madilesi ake anali okongola ndithu, zomwe zinangowonjezera mkwiyo wanga. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndimulembere, mawu oti abusa asawamve, pamene mkuluyo anatsitsa tsambalo mpaka pansi. Pamenepo panali chithunzi chakale cha mwamuna atanyamula khanda, kumutu chipewa cha nthenga. Mano otalikana a bambo anga aja, khutu lawo lopindika lija. Mayo ine! Ndinakhala pansi pa simenti.

Madzulo ake ndinapita kumudzi kwa amayi, ndikuopa kuti ndiwapweteka. Ndinawapeza akusankha mbatata ya mbewu pakhonde. Anayang'ana chithunzicho pa foni nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Chipewachi ndinagula ndine," anatero. "Za mwanayu bambo ako anandiuza okha atabwerako, ndinawakwiyira mpaka chimanga kucha. Tinamufunafuna m'makalata osamupeza. Ndiye iwe umafuna kumutukwana? Ife Angoni mwana ndi wa bambo. Ameneyu ndi wa pakhomo pano, ndipo ndi mkulu wako."

Ndinamulembera uthenga waulemu womwe sindinalembepo chibadwire. Anaimba yekha. Chichewa chake chinali cha mawu ochepa, Chingerezi changa chopunduka, koma tinamvana. Bambo anamusiya ali wamng'ono, ndipo chomwe anatsala nacho ndi chithunzicho ndi dzinalo. Analilembetsa pa intaneti dala, akuti mwina tsiku lina wachibale adzalifufuza. Ndinalira, osabisa. Ndikanamvera mkulu uja n'kugula doti komu, mchemwali wangayu akanapeza malo otseka.

Lero pa tsamba lake pali mawu olozera ofuna mpunga kwa ine, pa langa pali olozera akwati kwa iye. Khirisimasi yapitayi anabwera pa basi ndi masutikesi atatu, amayi anamulandira ndi nthungululu, ndipo anamutengera ku manda a bambo. Dilesi lomwe anandisokera limandithina, koma ndimavala.

Mkulu wa mawebusayiti sanagonje. Anandikumbutsanso kuti mayina ena aja adakali opanda mwini, ndigule msanga. Ndinafunsa amayi maganizo awo.

Anaika mbale pansi, n'kundiyang'ana. "Usagule, mwanangu, asiye otsegula. Bambo ako asanapite ku Joni anayamba agwira ntchito ku mafamu a ku Halale."

Mpaka lero sindinagule, ndipo mwezi uliwonse ndimakasuzumira ngati pa mayinawo patulukira wachibale wina.