Supuni Imodzi ya Oilo Wakuda

Fungo la oilo wakale wa injini ya dizilo silifanana ndi fungo lina lililonse. Lili ngati chitsulo chopserera chosakaniza ndi mwaye, ndipo likakulowa m'zikhadabo limachita masiku atatu, kaya usambe ndi sopo wanji. Mpaka lero, popita kumtsinje kukagula nsomba zokagulitsa ku Lusaka, ndikangolimva pa siteshoni ya maminibasi ndimawerama n'kusuzumira pansi pa motoka ya eniake. Madalaivala amaganiza kuti ndikufunafuna chilema choti nditsitsire mtengo wonyamulira katundu wanga. Sindiwatsutsa, chifukwa nthawi zambiri mtengo umatsikadi. Koma zoona zake n'zakuti fungo limenelo limandibwezera kwathu ku Estates, m'tauni ya Kafue, pa nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mtsikana wa giredi folo.

Chaka chimenecho ntchito ya Atate inatha ku fakitale. Ndalama zimene anawapatsa potsazikana anagulira kamotoka koyera ka dizilo, kamene kanali katatumikira kale mabwana atatu kapena anayi. Mng'ono wawo, amene tinkamutcha Atate aang'ono, ankakhala ku Solwezi, ndipo ankaimba foni kawirikawiri kunena kuti kumeneko anthu ndi ambiri, mataksi ndi ochepa. Nkhani inagwirizanidwa: Atate apite ndi motoka, ife titsale ndi Amai. Chimene chinawagwira mwendo ndi chinthu chimodzi chokha. Motokayo inkadontha oilo, ndipo ulendo wa ku Solwezi si wopita ndi injini yotaya magazi. Ndinawamva ndi makutu anga akuuza Amai pakhonde kuti, "Ikangoleka kudontha masiku atatu, ninyamuka."

Ntchito yanga m'mawa uliwonse inali kusesa pabwalo ndisanapite kusukulu. Nkhungu yochokera kumtsinje inkakhala itagona pamadenga, zala zitauma ndi chisanu, utsi wa mbaula za anansi ukukwawa pansi ngati nawonso ukumva kuzizira. Sitima ya katundu inkalira patali, nkhuku n'kuiyankha. Madzulo aliwonse Atate ankayala katoni pansi pa injini, choncho ine ndi tsache langa ndife tinkayamba kuona zotsatira. Pakati pa katoniyo pankakhala banga lakuda lonyezimira, lalikulu ngati chikhatho changa. Ndinkaliyang'ana ngati mnzanga. Ndinali ndisanadziwe masamu ambiri, koma awa ndinawamvetsa msanga: banga likakhalapo, Atate alipo.

Madokotala a motoka sanasowe. Wamkulu wawo anali ba Mweemba, mnansi wathu amene anapuma ntchito ya njanji, munthu amene sanakhalepo ndi motoka koma ankadziwa matenda a motoka iliyonse m'Kafue. Iwo analamula kuti vuto lili pansi, pa sampu, chimphika chosungira oilo, popeza m'pamene dontho linkalendewera. Atate anawamvera mwaulemu. Anakhetsera oilo wakale m'chigubu, anasintha kawashala ka bauti yotsekera, anathira oilo watsopano. M'mawa mwake banga linali pomwepo, likuseka.

Tsiku lotsatira Atate anachita chinthu chimene chinakwiyitsa Amai. Anatsuka injini yonse ndi palafini ndi mswachi wakale, anaisiya iume padzuwa, kenaka analowa kukhitchini n'kutuluka ndi mbale ya ufa. "Ufa wa ana mudyetsa motoka manje?" anafunsa Amai, manja ali m'chiuno. Atate anangomwetulira. Anauwaza ufawo pa injini, kutsogolo, kumbuyo, m'makona monse, mpaka inayera ngati mwana amene wagwera m'thumba la kuchigayo. Analiza injini, tinadikira. Dizilo inkagogoda ngati munthu wosinja, motoka yonse ikunjenjemera. Patapita kanthawi, pa ufa woyerawo panatuluka kamzere kakuda, kopyapyala ngati ulusi. Sikanayambire pansi ayi. Kanachokera pamwamba penipeni, pakona yakumbuyo ya chivundikiro cha injini, n'kutsetsereka mobisala mpaka kukalendewera pa sampu ija.

Atate ankanditcha "Amai" chifukwa ndinapatsidwa dzina la mayi awo. Anandinyamula kuti ndione bwino. "Mwaona, Amai? Oilo sakwera phiri. Pamene agwera si pamene achokera. Muzilondola kumwamba."

Cholakwa chinali gasiketi, kamphira kamene kamagona pakati pa chivundikiro ndi injini. Kanali katauma, ndipo atakachotsa kanathyoka m'manja mwawo ngati bisiketi. Tinapita limodzi m'tauni kukagula kena, ndipo kumeneko ndi kumene ndinalandira maphunziro amene andidyetsa moyo wanga wonse kuposa a kusukulu. Mwini shopu atatchula mtengo, Atate anaseka ngati amva nthabwala, anatchula wawo, anakanidwa, anandigwira dzanja n'kutembenuka. Ndinafuna kuyenda msanga, iwo anandifinya zala. "Pang'onopang'ono," anandinong'oneza. "Mtengo woyamba ni moni chabe. Ukachoka, uziyenda moti akwanitse kukuitana." Tisanafike pakhomo tinaitanidwa.

Kukonzako kunatenga masana amodzi. Anapala zotsalira za mphira wakale ndi kampeni mosamala, anapukuta malo onse mpaka chala chikamadutsa chizilira, anagoneka gasiketi yatsopano mumsewu wake. Mabauti anawamanga modumphadumpha, ili kuno, lina tsidya, pang'ono pang'ono, akunena kuti ukamanga mwaukali mphira umaphwanyika n'kuyambanso kulira. Madzulo anayala katoni yatsopano, yopanda banga ndi limodzi lomwe.

M'mawa mwake inali yoyera. Ndinaima ndi tsache m'manja. Atate anatuluka ndi kapu ya tiyi, anaiona, anaimba kamluzu. Tsiku loyamba mwa atatu linali litapita.

Chigubu cha oilo wakale chija chinali kuseri kwa khola la nkhuku. M'kabati ya Amai munali supuni yopindika chogwirira imene palibe ankaifuna. M'mawa wachiwiri ndinadzuka msanga ngati mwana wakhama, ndinasesa mwaphokoso kuti a m'nyumba amve kuti ndili pantchito, kenaka ndinagwada pambali pa motoka, ndinatambasula dzanja mpaka pamene linathera, n'kudonthetsa supuni imodzi pa katoni. Ndinachita dontho limodzi limodzi, mwaluso, ndikudziona ngati katswiri. Atate atatuluka anayang'ana nthawi yaitali. Anamwa tiyi. Anakanda m'mutu. "Ah, yayambanso," anatero, n'kupita kukatenga palafini.

Masiku amene anatsatira ndi amene ndimawasunga pansi penipeni pa mtima. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza injini itatsukidwa, itawazidwa ufa, Atate akundidikira kuti tikaiyese pamsewu. Tinkapita cha ku Shimabala, mawindo otsekula, minda ya chimanga chouma ikuthamangira kumbuyo, fumbi la Julaye litapaka thambo. Ankaima pamene amayi ankagulitsa nzimbe ndi kandolo, mbatata yootcha, n'kundisiya ine kuti ndikambe mtengo, iwo akuyang'ana kumbali ngati sitidziwana. Tikabwerera, ankatsekula boneti, ine n'kuwothera manja pa injini yotentha, fungo la ufa wopserera likusakanikirana ndi la dizilo. Ankayang'ana apa ndi apo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Foni ya ku Solwezi ikalira ankapita nayo kuseri kwa nyumba.

Chimene chinandigwetsa ndi chomwe chimagwetsa wamalonda aliyense: dyera. Ndinaganiza kuti ngati supuni imodzi igula tsiku limodzi, zitatu zigula sabata. M'mawa wa Lachisanu ndinathira zitatu, katoni inachita kunyowa. Ba Mweemba, amene ankadutsa ndi buledi m'khwapa, anaona n'kugwira pakamwa. Analengeza kuti tsopano ndi matenda aakulu, injini yonse iyenera kutsitsidwa, ndipo anayamba kale kupinda manja a malaya. Atate anawathokoza n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Atabwerera anandiitana. Anasolola kachitsulo koyezera oilo, anakapukuta, anakabwezera, anakasololanso n'kundionetsa: oilo anali wodzaza mpaka pamzere wapamwamba. Anandionetsa injini, ufa uli mbee, wopanda kamzere. Kenaka anatenga manja anga ozizira n'kuwafumbata m'manja mwawo ngati akuwatenthetsa, anawakweza pang'ono kufika pamphuno. Ndinatseka maso, ndikudikira mbama, ngakhale kuti anali asanandimenyepo. Iwo anakhala pa chitini cha penti kuti maso athu alingane.

"Amai," anatero, "imwe muimvera bwino motoka iyi. Ifuna kudontha mpaka liti?"

Ndinayankha kuti, "Mpaka Khisimasi."

"Yayi, Khisimasi ni patali. Mpaka pa Sande."

"Mpaka titseke sukulu, Atate."

"Pa Chitatu. Apo nafika pothera."

Misozi inali itayamba kale, koma maphunziro a m'tauni aja anali asanazizire. Ndinatola tsache langa, ndinatembenuka, n'kuyamba kuyenda kulowera kukhitchini, pang'onopang'ono. Ndinawerenga mapazi asanu ndi awiri. Ndinali nditagwira kale chitseko pamene ndinamva kuseka kumbuyo kwanga, kuseka kosweka pakati.

"Bwerani, akasitomala. Pa Chiweru cha sabata ya mawa. Pamenepo naikapo na mbasela."

Tinagwirana chanza ngati akuluakulu. Masiku asanu ndi atatu. Supuni ndinaitsuka ndi phulusa n'kuibwezera m'kabati, ndipo katoni inakhala yoyera m'mawa uliwonse, chifukwa malonda akatha, atha. Tinkapitabe ku Shimabala, tsopano popanda chonamizira. Loweruka litakwana, Amai analongedza nshawa zokazinga ndi bulangeti, Atate anayang'ana oilo komaliza, anandigwira pamutu, motoka inatuluka pageti ikugogoda. Pamene inkaima panatsala dothi lakuda, lolimba ndi oilo wa masabata onse aja. Ndinkasesa molizungulira mpaka mvula ya Novembala inalitenga.

Atate anabwera kawiri, Khisimasi ziwiri zotsatizana, ndi nsapato zanga zoperewera chifukwa ankagulira mwana amene anamusiya. Kachitatu inabwera motoka yokha, woyendetsa ali Atate aang'ono, sutikesi ndi bokosi la masipanala zili pampando wakumbuyo. Matenda a Atate anali afupi, ndipo maliro tinali titalira kale. Motokayo inagona pabwalo pathu usiku umodzi isanagulitsidwe. M'mawa ndinasuzumira pansi pake. Panalibe dontho.

Zaka zambiri ndinkadzitama ndi nkhani imeneyi, kuti ndinapusitsa munthu wodziwa injini masiku asanu athunthu. Amai ndi amene anandichotsa ulemuwo, ine ndili kale ndi ana anga, tikupala nsomba pakhonde. Anati Atate anadziwa m'mawa womwe ndinayamba kudonthetsa. Dzanja langa linali lalifupi, banga langa linagwera m'mphepete mwa katoni, pansi pa chitseko cha motoka, pomwe palibe injini padziko lonse imene ingadonthere. Analowa m'nyumba akuseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, n'kuwauza Amai kuti asanene kanthu, ufa azingopereka.

Ndili mwana ndinkati ndinawalanda masiku amenewo ndi nzeru zanga. Lero ndakhala pamsika zaka zokwanira kudziwa kuti wogulitsa amene akukuitana usanatuluke pakhomo ndiye kuti nayenso safuna kuti upite. Chimene chimandipweteka monga wamalonda n'chimodzi: ndinayambira pansi. Munthu anali wokonzeka kumva mtengo uliwonse, ine n'kutchula Khisimasi.